Ndalama Zasintha Njira: Mafamu a ku Mashonaland pa Mpikisano wa Maiko Akuluakulu

Aliyense woyenda pa msewu wochoka ku Harare kulowera ku Banket, Chinhoyi ndi Karoi m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi amaona utsi ukufuka m'mabalani mbali zonse ziwiri. Ena ndi mabalani akale, ataliatali, a njerwa zofiira, omwe anamangidwa nthawi ya azungu. Ena ndi ang'onoang'ono, omwe anaumba okha alimi amene analandira malo kuyambira m'chaka cha 2000. Fodya wambiri amene akuuma m'menemo ali ndi mwini wake kale. Mbewu, feteleza, mankhwala ngakhale malasha oumitsira zinabwera pa ngongole kuchokera ku kampani, ndipo kampaniyo ndalama zake inakazitenga kunja kwa dziko. Tsamba lililonse likudziwa kale komwe lipite, kaya ndi ku China, ku Dubai, ku Belgium kapena ku South Africa.

Nkhani ya mafamu amenewa ndi yathu ife olankhula Chichewa. M'makomboni a ku Mvurwi, Shamva, Trelawney, Raffingora ndi Macheke muli zidzukulu za anthu amene anachoka ku Dedza, Ntcheu, Mangochi, Chipata ndi Tete kukagwira ntchito. Mpaka lero kumeneko ng'oma ya gule wamkulu imalira pamaliro. Choncho tikamamva pa wailesi kuti mphamvu za chuma pa dziko lapansi zikusuntha kuchoka kumadzulo kupita kum'mawa, ndipo kuti maiko akuluakulu akulimbirana Africa, pali malo amodzi pomwe tingaone ndi maso zimene mawu amenewa akutanthauza. Funso ndi lakuti: pamene eni mpamba akusinthana chonchi, ndani akupindula, ndipo munthu wamba amene ali ndi kangachepe aike kuti ndalama zake?

Aka si koyamba ogula kusintha

Mafamu a ku Mashonaland akhala akutsata mphepo ya kunja kuyambira kalekale. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, dziko la Britain linalibe madola okwanira ogulira fodya wa ku America. Makampani ake opanga ndudu anatembenukira ku Southern Rhodesia, napangana ndi alimi akumeneko kuti azigula gawo lalikulu la fodya wawo chaka ndi chaka. Minda inakula, mabalani anachuluka, ndipo manja ogwira ntchito anachepa. Apa mpamene anthu a ku Nyasaland anakhamukira kumeneko mwaunyinji, ena pa malole a Ulere, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito lomwe ankalitcha Mthandizi, ena wapansi kudutsa ku Tete. Kusowa kwa madola ku London kunasandutsa anyamata a kumidzi yathu kukhala matchona.

Mu 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa Rhodesia popanda chilolezo cha Britain. Dziko la Rhodesia linamangidwa ndi zilango za malonda, ndipo wogula wamkulu anatseka chitseko. Fodya anadzaza m'nkhokwe, alimi ambiri nkuyamba chimanga, thonje, soya ndi ng'ombe. Mpata umene unatseguka pa msika unathandiza kuti maesiteti a fodya ku Malawi, makamaka cha ku Kasungu ndi Mchinji, akule msanga nthawi ya Kamuzu Banda. Ndale za kutali zinasuntha mpamba kuchoka tsidya lina la Zambezi kupita tsidya lina.

Kusintha kwachitatu ndi kumene tikukhalamo lero. Mu 2000 boma la Robert Mugabe linayamba kulanda mafamu a azungu, omwe analipo oposa 4,000, ndi kuwagawa kwa anthu akuda m'magulu awiri: A1, minda ing'onoing'ono, ndi A2, minda yokulirapo yochitira malonda. Dziko la America linayankha ndi lamulo la zilango la ZDERA mu 2001, maiko a ku Ulaya anaika zilango zawo mu 2002, ndipo chifukwa cha ngongole zosabwezedwa mabanki aakulu a dziko lapansi anasiya kubwereketsa Zimbabwe. Fodya, amene anafika pafupifupi makilogalamu 237 miliyoni mu 2000, anagwa mpaka pa 48 miliyoni mu 2008. Boma linalengeza kuti tsopano liyang'ana kum'mawa. Mu 2005 kampani ya Tian Ze, yomwe ndi nthambi ya kampani ya boma la China yopanga fodya, inatsegula ntchito zake m'dzikomo nkuyamba kupereka zipangizo pa ngongole. Makampani ena, kuphatikizapo Mashonaland Tobacco Company ndi Zimbabwe Leaf Tobacco omwe mizu yawo ili ku America, anachitanso chimodzimodzi. Pofika 2023 fodya anakwera mpaka makilogalamu 296 miliyoni, ndipo mu 2025 anadutsa 350 miliyoni. Amene akulima tsopano ndi alimi oposa 100,000, ambiri a iwo ang'onoang'ono, ndipo China ndiye wogula wamkulu.

Mmene kontilakiti imayendera

Manambala amenewa ndi osangalatsa, koma kuti timvetse bwino tiyenera kuima pafupi ndi mlimi mmodzi wa hekitala imodzi kapena mahekitala awiri. M'nyengo yozizira amasaina pepala ndi kampani. Amalandira mbewu ya ku nazale, matumba a feteleza, mankhwala, nthawi zina malasha kapena nkhuni ndi kandalama kolipirira aganyu. Mlangizi wa kampani amabwera pa njinga yamoto kudzaona munda. Banja lonse limawokera, kupalira, kudula nsonga, kuphata, kuthyola, kusoka, kenako kugona pakhomo pa balani sabata yathunthu kusonkhezera moto kuti tsamba lituluke lachikasu. Akasankha ndi kudinda mabelo, amapita nawo ku msika wa kampani yomweyo. Wogula amang'amba chiguduli, kusolola tsamba, kuliyang'ana, kulemba giredi ndi mtengo pa tikiti. Zonsezi zimatha m'kanthawi kochepa. Kampani imayamba yadula ngongole yake, boma msonkho wake, wonyamula katundu zake. Chotsala ndicho cha mlimi.

Fodya woposa magawo 90 pa 100 alionse ku Zimbabwe amalimidwa motere. Misika ya okushoni ya ku Harare, monga Tobacco Sales Floor, yomwe kale inali mtima wa malonda onse, lero imalandira kagawo kochepa. Bungwe la boma la TIMB limalembetsa alimi ndi makampani ndipo limaika malamulo, koma amene wapereka feteleza ndiye ali ndi mawu aakulu pa tsiku logulitsa. Mlimi amene ngongole yamukulira amakopeka kugulitsa mabelo ena kuseri kwa mavenda, omwe kumeneko amawatcha makoronyera, ndipo akagwidwa amataya mwayi wa chaka chotsatira, mwinanso ng'ombe kapena ngolo yake.

Tisanene kuti kontilakiti ndi yoipa basi. Popanda iyo fodya wa ku Zimbabwe sakanadzuka, chifukwa mabanki a m'dzikomo sankafuna kubwereketsa munthu wopanda chikole. Mabanja ambiri amanga nyumba za malata, agula mathirakitala ndi magalimoto, aphunzitsa ana ndi ndalama ya fodya. Vuto lili pa kagawidwe. Mu 2025 pa msika mlimi ankalandira madola atatu kapena kupitirira pang'ono pa kilogalamu. Fodya yemweyo akapunthidwa ndi kutumizidwa kunja mtengo umakwera, ndipo akasanduka ndudu m'fakitale ya ku China umakweranso kangapo. Dziko limapeza madola oposa 1 biliyoni pachaka, koma mbali yaikulu imabwerera kukalipira ngongole zakunja zomwe zinalimitsa mbewuyo. Boma linazindikira zimenezi, ndipo mu 2021 linakhazikitsa ndondomeko yofuna kuti ndalama zolimira zizichokera m'dziko momwemo komanso kuti fodya wambiri azikonzedwa kukhala ndudu asanatuluke. Zokolola zakwera monga ankafunira, koma mafakitale akadali m'mbuyo. Palinso mtengo wina umene sulembedwa pa tikiti: mitengo ya msasa ndi mnondo yomwe ikutha ndi moto wa m'mabalani.

Chuma cha pansi pa nthaka

Mpikisano woopsa kwambiri masiku ano uli pa miyala. Mzera wa mapiri wotchedwa Great Dyke umadula Mashonaland pakati, ndipo muli platinum, chrome, golide ndi nickel. Ku Ngezi ndi Selous kuli Zimplats, ya kampani ya ku South Africa ya Impala Platinum. Ku Selous komweko kuli ng'anjo zosungunula chrome za Afrochine, nthambi ya Tsingshan ya ku China, yomwe yamanganso fakitale yaikulu ya chitsulo ku Manhize, kufupi ndi Chivhu. Ku Darwendale anthu a ku Russia analonjeza mgodi waukulu wa platinum, koma mu 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba, anachokamo. Ku Muzarabani kampani ya ku Australia ya Invictus Energy ikufufuza gasi. Golide wambiri wa dzikolo, kuphatikizapo wokumbidwa ndi anyamata a m'makomboni m'mphepete mwa mtsinje wa Mazowe, amathera ku Dubai.

Chitsanzo chomveka bwino ndi mgodi wa lithium wa Arcadia ku Goromonzi, pakati pa minda, makilomita osakwana 40 kuchokera ku Harare. Mwala umenewu ndi umene amapangira mabatire a galimoto zamagetsi. Anaufufuza ndi kampani ya ku Australia ya Prospect Resources, koma amene anatulutsa ndalama ndi Huayou Cobalt ya ku China, yomwe inagula mgodiwo pa madola 422 miliyoni, nkumanga fakitale ya madola 300 miliyoni yomwe inatsegulidwa mu Julaye 2023. Maiko a kumadzulo amalankhula kwambiri zofuna kuchepetsa kudalira China pa miyala yotere. America ndi Ulaya akuika ndalama pa njanji ya ku Lobito ku Angola, pamene China yavomera kukonzanso njanji ya TAZARA. Koma ku Zimbabwe amene anafika msanga ndi ndalama m'manja ndi a ku China, ndipo migodi ikuluikulu ya lithium ili m'manja mwawo.

Apa pali maphunziro awiri. Loyamba ndi lakuti dziko limene lili ndi chinthu chofunidwa likhoza kuika mfundo zake. Mu Disembala 2022 boma linaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosakonza, ndipo makampani anakakamizika kumanga mafakitale. Lachiwiri ndi lakuti msika wa dziko lapansi sumvera munthu. Mtengo wa lithium, umene unali pamwamba kwambiri kumapeto kwa 2022, unagwa ndi magawo oposa 80 pa 100 alionse m'zaka ziwiri zotsatira. Amene anathamangira kugula malo okumba, malole ndi makina pa ngongole poganiza kuti mtengo ukhala pomwepo anapsa manja. Ndipo kwa mlimi woyandikana ndi mgodi, mafunso ndi a tsiku ndi tsiku: fumbi la malole, madzi a m'damu, msewu wokumbika, ndi lamulo la migodi lomwe kuyambira nthawi ya atsamunda limapatsa wokumba mphamvu zoposa za wolima.

A kumadzulo sanachoke

Kungakhale kulakwitsa kuganiza kuti China yatenga zonse. Nyumba ya Malamulo yatsopano ku Mount Hampden inamangidwa ndi China ngati mphatso, ndipo makampani a ku China ndiwo anakuza malo opangira magetsi a Kariba South ndi Hwange. Koma ndalama imene aliyense amaikhulupirira pa golosale ku Karoi ndi dola ya ku America. Zipatso za blueberry, maluwa ndi nsawawa zomwe zikulimidwa kuzungulira Harare ndi Marondera zimapita makamaka ku Ulaya, ku Britain ndi ku South Africa, ngakhale boma lasainirana ndi China mapangano otsegula msika wa malalanje, mapeyala ndi blueberry. Mathirakitala ena akuchokera ku Belarus, dziko lomwe mtsogoleri wake Alexander Lukashenko anafika ku Harare mu Januwale 2023.

Chingwe chachikulu chimene chikumangabe Zimbabwe ku maiko a kumadzulo ndi ngongole, yomwe yadutsa madola 20 biliyoni. Kuti dzikolo liyambenso kubwereka pa chiwongoladzanja chotsika, liyenera kugwirizana ndi omwe linawakongola, ndipo imodzi mwa mfundo zawo ndi chipukutamisozi cha alimi olandidwa minda. Mu Julaye 2020 boma la Emmerson Mnangagwa linasaina pangano lolipira madola 3.5 biliyoni pa nyumba, madamu ndi zina zimene alimiwo anamanga. Ndalama zoyamba zinatuluka mu 2025, zochepa kwambiri, zotsalazo nkukhala mapepala a ngongole ya boma. Mu Malichi 2024 America inachotsa zilango zakale nkuika zina pa anthu owerengeka, kuphatikizapo pulezidenti, koma ZDERA inatsala. Mu Epulo 2025, Donald Trump atakweza misonkho pa katundu wolowa m'dziko lake, Mnangagwa anafulumira kunena kuti achotsa misonkho pa katundu wa ku America. Boma lomwe limanena kuti ndi bwenzi la onse likuyesa kudya mbali zonse, ndipo palibe cholakwika pamenepo, bola phindu lake lifike kwa anthu.

Zimene woika ndalama ayenera kuyeza

Kaya ndi kampani ya ku Shanghai, kaya ndi mphunzitsi wa ku Bindura, kaya ndi mwana wa kukomboni amene akutumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg, zoopsa zake ndi zofanana, kusiyana kwake nkwakuti wamkuluyo ali ndi podzitchinjiriza.

Choyamba ndi ndalama yeniyeniyo. Anthu a ku Zimbabwe anaona ndalama zawo za kubanki ndi za penshoni zikusanduka mapepala mu 2008. Anagwiritsa ntchito dola ya ku America kuyambira 2009, kenako kunabwera mabondi mu 2016, ndalama ya RTGS mu 2019, ndi ZiG mu Epulo 2024, yomwe inagwetsedwa mphamvu ndi magawo oposa 40 pa 100 alionse mu Seputembala chaka chomwecho. Mlimi wa fodya amalandira gawo lina m'madola, gawo lina m'ndalama ya m'dziko, pamene feteleza ndi dizilo amagula ndi madola. Nchifukwa chake alimi anzeru akangogulitsa amathamangira kugula zipangizo, ng'ombe, njerwa kapena pampu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Chachiwiri ndi umwini wa malo. Ambiri amene analandira minda anali ndi kalata ya boma kapena lendi ya zaka 99, zomwe mabanki ankakana kulandira ngati chikole. Mu Disembala 2024 boma linayamba kupereka zikalata za umwini zomwe munthu akhoza kubwerekera ndalama kapena kugulitsa kwa nzika inzake. Izi zingatsegule mabanki, koma zingachititsenso kuti osauka agulitse minda kwa olemera pa chaka cha njala. Amene akubwereka munda kwa mnzake kapena kulowa naye m'mgwirizano popanda cholembedwa chovomerezeka akumanga pa malo omwe angamuchotse mawa.

Chachitatu ndi madzi ndi magetsi. Chilala cha mu 2023 ndi 2024 chinapsereza chimanga ndipo chinatsitsa madzi a m'nyanja ya Kariba, magetsi nkumazima pafupifupi tsiku lonse. Amene anakolola ndi amene anali ndi damu, mjigo ndi sola. Mpikisano wa maiko akuluakulu wabweretsa chinthu chimodzi chabwino pano: mapanelo a sola, mabatire ndi mapampu a ku China atsika mtengo kwambiri, moti mlimi wamba akhoza kuthirira dimba chaka chonse.

Chachinayi ndi kudalira wogula mmodzi. Fodya wa ku Mashonaland anadalirapo Britain, ndipo tinaona zimene zinachitika mu 1965. Lero akudalira China, dziko lomwe lili ndi kampani imodzi yokha yogula fodya, ya boma. Ikangoganiza zochepetsa, kulibe kokadandaula. Mlimi amene ali ndi fodya, chimanga, mbuzi ndi dimba la tomato amagona tulo kuposa amene waika zonse m'balani.

Ana a matchona ali pati?

Pa kusinthana konseku pali gulu limodzi lomwe malo ake sanasinthe. Chisanafike chaka cha 2000 m'mafamu munali antchito oposa 300,000, ndipo pakati pawo panali ambiri ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kapena ana awo. Pogawa minda, amene analandira anali ochepa kwambiri. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri opanda dziko, chifukwa ankafunika kukana unzika wa dziko la makolo awo lomwe sanalionepo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zimenezi kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC, koma mpaka lero pali mabanja opanda chiphaso chobadwira kapena chitupa, ndipo wopanda chitupa sangalembetse ku TIMB, sangatsegule akaunti, sangasaine kontilakiti m'dzina lake.

Komabe luso la fodya lili m'manja mwa anthu amenewa. Ndi iwo amene amadziwa kutentha kwa balani pongolowetsa dzanja, amene amasiyanitsa magiredi ndi diso, amene amakonza thirakitala ndi injini ya pa damu. Alimi atsopano ambiri anaphunzira kwa iwo. Lero amakhala m'nyumba zakale za kukomboni posinthana ndi ntchito, amagwira maganyu, ena amalima kamunda kobwereka nkugulitsa fodya kudzera pa nambala ya munthu wina, achinyamata nkupita kokumba golide. Bungwe la antchito a m'mafamu la GAPWUZ limakambirana za malipiro, koma malipirowo sakwana kudyetsa banja mwezi wathunthu. Pa madola 3.5 biliyoni a chipukutamisozi aja, dzina lawo mulibe. Fodya amene agogo awo analimira London, iwo akulimira Beijing, ndipo pakhomo pakadali chimodzimodzi.

Kwa iwo, mpamba woyamba ndi chitupa. Wachiwiri ndi sukulu ya ana ndi luso lomwe likufunika tsopano: kuika sola, kukonza mapampu, kuwotcherera, kuyendetsa makina a ku mgodi. Wachitatu ndi kusonkhana. Magulu osungitsana ndalama, omwe ku Zimbabwe amati mukando ndipo kwathu timati banki mkhonde, komanso mabungwe a maliro omwe anthu a ku Nyasaland anayambitsa kalekale, akhoza kugula pampu, chigayo kapena ngolo m'dzina la gulu. Ofesi ya kazembe wa Malawi ku Harare, mipingo ndi mizikiti yomwe anthuwa amapempherako zili ndi udindo wowathandiza kupeza mapepala.

Phunziro kwa ife

Zimene zikuchitika ku Mashonaland zili kale pakhomo pathu. Fodya wa ku Malawi nayenso amalimidwa kwambiri pa kontilakiti. Makampani akunja ali ku Kasiya, ku Kangankunde, ku Songwe Hill ndi ku Kayelekera chifukwa cha miyala yomwe maiko akuluakulu akuilimbirana. Ku Moatize migodi ya malasha yachoka m'manja mwa a ku Brazil kupita kwa a ku India. Eni mpamba apitiriza kusinthana, ndipo palibe mwa iwo amene amabwera chifukwa cha chifundo. Onse amabwera kudzachita malonda, ndipo malonda amakomera amene wafika pa tebulo ali ndi chake chogwirika: malo olembedwa, madzi, luso, gulu lolimba ndi lamulo lomwe silisintha pakati pa chaka.

Choncho tisataye nthawi kukangana kuti wabwino ndani pakati pa China ndi America. Boma lifunse kuti fakitale imangidwa kuti, msonkho ulipidwa bwanji, ndipo pangano lake liikidwe poyera kuti anthu aliwerenge. Mlimi afunse mtengo wa thumba lililonse limene akulandira pa ngongole asanasaine, ndipo asunge pepala lake. Wotumiza ndalama kumudzi aziike pa chinthu chimene chingabereke ngakhale wogula wa chaka chino atachoka. Ndipo maboma a Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Mozambique akumbukire anthu a m'makomboni, amene manja awo anamanga chuma chimenechi kwa mibadwo itatu. Apatsidwe mapepala ndi malo, kuti nawonso akhale oika ndalama m'dziko lomwe anabadwira.